Shopu ya ku Nangongwe Sigulitsidwa

Kafue, 11 Malichi 2024

Lindiwe mlongo wanga,

Uli shani ku Gaborone uko? Ana a sukulu sakukuvutitsa? Kuno tilipo, kungoti dzuwa lapsereza chimanga chonse ndipo malaiti akupita maola asanu ndi atatu tsiku lililonse. Amama ali bwino, miyendo yaleka kutupa.

Ndili ndi ntchito yofuna iwe mphunzitsi. Mu Ogasiti, Fanwell & Sons ikukwanitsa zaka makumi atatu. Tidzachita phwando pa shopu yaikulu ya m'tauni, ndipo ndikufuna kabuku ka mbiri ya kampani, masamba khumi, ka zithunzi. Mfundo zake ndi izi: Atate anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pa fakitale ya nsalu. Ntchito itatha mu 1994 sanakhale pansi, anatsegula shopu ku Nangongwe. Kenako anatsegula ya m'tauni ndi ya ku Chilanga. Atamwalira ine ndinawonjezera ya ku Mazabuka ndi ya ku Chirundu. Lero tili ndi masupamaketi asanu ndi antchito 140.

Ulembe m'Chingerezi chabwino, pali alendo ena amene adzawerenga. Usawavutitse Amama ndi mafunso, ukudziwa amatopa msanga.

Ndine mlongo wako,
William


Gaborone, 16 Malichi 2024

Amama okondedwa,

Mwadzuka bwanji? Ine ndili bwino. Kalata iyi ndapatsira ba Jackson a thiraki, chifukwa ndikudziwa inu nkhani zenizeni simuyankhula pa foni.

Ba William andipatsa ntchito yolemba mbiri ya mashopu athu ya pa phwando la mu Ogasiti. Ati ndisakuvutitseni, koma ine mu 1994 ndinali ndi zaka zinayi. Chimene ndimakumbukira ndi fungo la nsomba pa chitenje chanu, ndi ine nditakhala pansi kuthira mchere m'timapulasitiki. Kodi Atate anayamba ndi kugulitsa chiyani? Malo aja anawapeza bwanji? Ngati muli ndi zithunzi zakale munditumizireko.

Ba Jackson ati adzadutsanso pa Kafue kumayambiriro kwa Epulo. Muwapatse yankho.

Mwana wanu,
Lindiwe


Nangongwe, 2 Epulo 2024

Lindiwe mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti uli bwino. Ine ndilipo. Amene anakuuza kuti ndimatopa ndi mafunso akayambe wandifunsa, aone ngati nditope.

Wafunsa kuti atate ako anayamba ndi kugulitsa chiyani. Sanagulitse kanthu. Khala pansi uwerenge bwino.

Fakitale itawachotsa ntchito, atate ako anakhala m'nyumba miyezi isanu ndi inayi. M'mawa uliwonse ankavala ovololo yawo ya ntchito, kupesa tsitsi, n'kukhala pa mpando kuyang'ana khoma. Anali foromani, anthu makumi anayi pansi pawo, ndipo manyazi anawagwira ngati matenda. Ine nditati ndiyambe kugulitsa, anati, "Mkazi wa foromani sakhala m'mbali mwa msewu ndi beseni." Ndinawayankha kuti ana a foromani adya chiyani. Mawa lake ndinagulitsa makina anga osokera n'kukwera njinga ya eni mpaka ku Chanyanya.

Kumeneko ndinakumana ndi Bina Chimuka, mayi wa Chitonga uja umamudziwa. Ine sindinkadziwa nsomba. Iye anandigwira dzanja n'kundionetsa kutsegula makha a nsomba kuti ndione ngati ndi ya lero kapena ya dzulo. Anati, "Iwe wa ku Chipata, ukagula ndi maso okha udzadyetsa anthu zowola." Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero, zaka makumi atatu, nsomba zathu za ku Nangongwe zimachokera m'manja mwake ndi mwa anzake. Matimati ndi repu ndinkatenga kwa azimayi a ku Shimabala. Thebulo langa loyamba linali chitseko cha bafa chimene ndinazula n'kuika pa njerwa.

Mu 1997 ndinapeza puloti imene pali shopu lero. Atate ako anakana kukaima pa mzere ndi anthu amene kale ankawalamulira, ndiye ndinapita ndekha. N'chifukwa chake mapepala a malo aja ali m'dzina langa, Clementina Mvula. Titamanga kachipinda, ndinaitana wolemba zikwangwani n'kumuuza kuti alembe dzina la atate ako. Ndinkafuna chinthu chowatulutsa m'nyumba. Za "& Sons" anawonjezera yekha wolembayo, ati ndi mmene mashopu enieni amalembera. Ndinamuuza kuti mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, koma penti inali itauma kale.

Atate ako anabwera, anaima patali, anawerenga chikwangwani. Kenako analowa n'kukhala pa tilu yolandirira ndalama, ndipo sanachokepo mpaka matenda anawatenga mu 2011. Apa ulembe zoona: pa tilu anali katswiri. Ankadziwa dzina la kasitomala aliyense ndi mwana wake. Anthu ankabwera kudzagula sopo kuti angocheza nawo. Ndinawakonda, ndipo sindifuna uwachepetse. Koma usawapatse njinga imene sanakwere.

Ya m'tauni ndinatsegula mu 2003, chaka chimene anthu ankati supamaketi yaikulu ikabwera ife titha. Sitinathe, chifukwa iwo nsomba zawo zinali zouma gwa ndi ayezi, zathu zinali zikupumabe. Ya ku Chilanga ndinaitsegula ndi malungo m'thupi.

Chithunzi ndili nacho chimodzi, cha ine ndi Bina Chimuka pa thebulo la chitseko. Ndaika muno. Usachitaye.

Amako,
Clementina


Gaborone, 21 Epulo 2024

Ba William,

Muli bwanji ndi alamu anga ndi ana? Kabuku kaja ndamaliza, ndakatumiza pa imelo. Ndalemba motsatira mfundo zanu. Mutu wake ndaika wakuti masomphenya a munthu mmodzi, ndikhulupirira muukonda.

Ndivomere kuti ndinawalembera Amama ngakhale munaletsa. Mpaka lero sanayankhe. Ba Jackson sindinawaone, abwana awo ati anawatumiza ku Kasumbalesa ndipo thiraki yatsekeredwa pa malire. Mwina munanena zoona kuti Amama zakale zimawatopetsa. Ndawatchula pa tsamba lachitatu, kuti anali mzati wa banja pamene Atate ankamanga kampani.

Alendo amene adzawerengewo ndi ndani?

Lindiwe


Nangongwe, 19 Meyi 2024

Lindiwe,

Moni ndikupatsa chifukwa ndine amako, koma mtima wanga suli bwino.

Lachiwiri kunabwera amuna atatu ndi William pa shopu ya kuno. Awiri anali ochokera kunja, atavala majekete pa dzuwa lonseli. Anayamba kuyeza makoma ndi tepi, kujambula mashelefu, kutsegula mafiriji. Ndinafunsa William kuti anthuwa akufuna chiyani. Anati, "Ni ba inshuwalansi chabe, Amama, pitani mukapumule." Mmodzi anasiya kabuku pa tilu. Peggy, manejala wathu wa kuno, anandibweretsera. Pachikuto pali nkhope ya atate ako. Kumapeto kuli dzina lako.

Peggy anandiwerengera konse n'kumasulira. Ati ine ndinali mzati wa banja. Mzati! Ndinakulembera masamba anayi ndi dzanja lopweteka, ndinakupatsa chithunzi changa chimodzi chokha, iwe n'kundisandutsa mtengo woimika denga.

Zimenezo ndikanapirira. Koma Lachisanu Bina Chimuka anafika kunyumba ndi kalata m'manja. Sadziwa kuwerenga, anaganiza ndi yomuitana ku phwando. Anavala ndi duku latsopano. Ndinamuwerengera ine. Kampani ikumuthokoza ndipo kuyambira pa 1 Julayi sidzalandiranso nsomba kwa anthu wamba. Azimayi a ku Shimabala alandiranso yotero. Bina Chimuka anapinda kalata ija bwinobwino n'kunena kuti, "Clementina, wasaina iwe?" Ndinati sindikudziwa kanthu. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira nsomba ya dzulo.

Ndinapita ku ofesi kwa William osagogoda. Wavomera. Akugulitsa mashopu onse asanu kwa kampani ya kunja, ndipo kabuku kako ndi kokometsera malonda. Ya ku Nangongwe akuti adzaigwetsa n'kumanga mosungira katundu.

Ndiye ndiuze, mwana wanga. Munapangana liti?

Clementina


Gaborone, 27 Meyi 2024

Ba William,

Dzulo ba Jackson andipatsa makalata awiri a Amama nthawi imodzi. Ina inakhala m'thiraki masabata asanu ndi awiri. Ndawerenga yoyamba ndikuseka ndi kulira, ndawerenga yachiwiri n'kuyamba kukulemberani iyi.

Munandiuza kuti ndi kabuku ka phwando. Munandiuza kuti ndisawafunse Amama chifukwa amatopa. Munkadziwa chimene akanandiuza. Inu munali ndi zaka khumi ndi ziwiri mu 1994, munaona ndi maso anu amene ankakwera njinga kupita ku Chanyanya. Mwandigwiritsa ntchito, ndipo lero amayi anga akuganiza kuti ndinawagulitsa.

Chotsani dzina langa pa kabuku kaja. Ndikulemba kena, ndipo ndikatumiza kwa Amama, osati kwa inu. Ndawaimbira foni kanayi, sakuyankha.

Lindiwe


Kafue, 29 Meyi 2024

Lindiwe,

Kalata yako ndaiona. Kwiya, uli ndi chifukwa. Koma iwe uli ku Gaborone, malipiro ako amabwera pa tsiku lake, malaiti sazima.

Kuno tsopano tikukhala maola khumi ndi awiri opanda malaiti. Majenereta asanu akumwa dizilo ngati ng'ombe pa dambo. Mwezi watha ku Chirundu tinataya nyama yonse ya m'firiji, ndinaima ndekha kuonerera akuikwirira. Ku Mazabuka atsegula molo yatsopano ya mashopu ambirimbiri pafupi ndi ife, anthu akupita kumeneko ngakhale kukangojambulitsa zithunzi. Ndikapitiriza chonchi, pofika chaka chamawa nditseka mashopu atatu. Ogulawa alonjeza kusunga antchito onse zaka ziwiri. Ndi mabanja 140, Lindiwe. Ine ndi amene ndimawaona nkhope.

Za njinga ndikudziwa. Ndine amene ndinkaipopa. Koma ogulawa amafuna nkhani yosavuta: bambo mmodzi, dzina limodzi, chikwangwani chimodzi. Ukawauza za chitseko cha bafa ndi mabeseni a nsomba amaona msika, saona kampani. Za Bina Chimuka zandipweteka inenso, koma iwo amagula kwa anthu a mapepala ndi mathiraki ozizira.

Amama sindinawauze chifukwa ndinkadziwa adzakana asanamve. Chatsala ndi siginecha yawo pa malo a ku Nangongwe basi. Uyankhule nawo. Iwe amakumvera.

William


Nangongwe, 10 Juni 2024

William,

Uli bwanji? Ndikukulembera ngakhale tili tauni imodzi, chifukwa ndikabwera umandipatsa tiyi n'kumayang'ana foni.

Loya wako wabwera kawiri ndi mapepala. Ulendo wachiwiri anabweretsa ndi bolopeni yake. Umuuze asadzavutikenso.

Lindiwe wandilembera, wandifotokozera za kalata imene inachedwa. Iye ndamukhululukira. Wandiuzanso za majenereta ndi nyama imene unakwirira. Sindine mwana, William. Ukanabwera kudzakhala pansi n'kunena kuti Amama zinthu zavuta, ndikanalira nawe. Iwe unasankha kundiuza za inshuwalansi.

Pa mashopu anayi enawo, awiri atate ako anakusiyira, ndipo awiri unamanga wekha. Gulitsa ngati waona kuti antchito apulumuka motero. Sindikuletsa ndipo sindikutemberera. Koma ya ku Nangongwe ili pa malo anga. Sindisaina lero, sindisaina mu Ogasiti, ndipo ndikadzafa mapepala adzapita kwa Lindiwe, amene sadzasainanso.

Kalata imene unalembera Bina Chimuka ndaing'amba pamaso pake. Pa 1 Julayi adzabweretsa nsomba monga mwa masiku onse, ndipo Peggy adzazilandira. Ukafuna kumuchotsa ntchito Peggy, ubwere udzamuchotse ine ndilipo.

Ku phwando ndidzabwera. Usanditumizire galimoto.

Amako


Kafue, 19 Ogasiti 2024

Lindiwe,

Uli shani? Ndikudziwa sunafune kubwera chifukwa cha ine. Ndikuuze ndekha zimene zachitika Loweruka, usanazimve zokometsera kwa ena.

Tinamanga tenti pa malo oimika magalimoto. Mipando ya kutsogolo tinasungira abwana a kampani yogula ndi alendo a ku Lusaka. Nthawi yoyambira mwambo itakwana, Amama anali asanafike. Ndinayamba kupuma bwino, ndinaganiza asintha maganizo. Ndili pakati pa kuyankhula, minibasi ziwiri zinaima pa geti. Anatsika Amama, kumbuyo kwawo azimayi pafupifupi makumi atatu a ku Chanyanya ndi ku Shimabala, onse chitenje chimodzi. Anayenda pakati pa anthu mpaka kutsogolo. Mlonda anati mipando iyi ndi ya alendo olemekezeka. Amama anati, "Ndi amenewa ndabwera nawo." Alendo a ku Lusaka anaimirira okha n'kuwapatsa malo.

Woyendetsa mwambo anawaitana kuti adule keke monga mkazi wa amene anayambitsa kampani. Anatenga maikolofoni m'malo mwa mpeni. Anati, "Amuna anga ba Fanwell anali munthu wabwino, ndipo akanakhala pano akanakuuzani okha kuti sanayambitse shopu iyi." Kenako anayamba kuitana azimayi aja mmodzimmodzi, dzina ndi chaka chimene anayamba kutibweretsera katundu. Aliyense ankaimirira. Bina Chimuka anaimirira ndi ndodo yake. Panalibe pepala m'manja mwa Amama, Lindiwe. Mayina onse ndi zaka zonse zinali m'mutu.

Bwana wamkulu wa ogula anandifunsa kuti akunena chiyani. Ndinati akuthokoza alendo. Peggy anali kumbuyo kwathu, anawerama n'kunena m'Chingerezi kuti, "Ayi bwana, ndikumasulireni bwino," ndipo anamasulira liwu lililonse. Antchito anga, amene ndikuvutikira kuti ndiwapulumutse, anaomba m'manja mpaka ena kuimirira pa mipando.

Pomaliza Amama anati, "Ya ku Nangongwe sigulitsidwa. Amene akufuna nsomba ya lero akudziwa njira." Anadula keke, anapatsa Bina Chimuka chidutswa choyamba, n'kukwera minibasi.

Lero m'mawa ogula anandiitana. Atenga mashopu anayi, mtengo autsitsa. Dzina la Fanwell & Sons likupita nawo, chifukwa ndi la kampani. Ndiye kuti Amama atsala ndi nyumba yopanda dzina, yopanda thiraki yobweretsa katundu, ndi jenereta yakale imene imadwala sabata iliyonse. Ali ndi zaka 68. Uwauze kuti apambana. Ine sindikudziwa chimene apambana.

Kabuku kako katsopano Peggy anakasindikiza, akugawa pa tilu. Ndakawerenga. Pa tsamba lachiwiri walakwitsa, njinga ija inali ya ba Oliver a kwaya, osati ya aneba.

William


Nangongwe, 30 Seputembala 2024

Lindiwe mwana wanga,

Uli bwanji? Kalata yako ndinalandira, ndipo ba Jackson ulendo uno sanachedwe, ndinawaopseza. Ine ndilipo, ndine wotopa, koma ndikudya bwino ndipo ndikugona ngati mwana.

Wafunsa ngati ndikuopa. Ndikuopa, inde. Pa antchito khumi ndi asanu ndi atatu a kuno, khumi ndi mmodzi apita ku kampani yatsopano. Sindinawakwiyire, ali ndi ana, ndinawaphikira nkhuku potsazikana. Asanu ndi awiri atsala, Peggy ali pakati pawo. Mashelefu a kumbuyo ali opanda kanthu. Mafiriji awiri ndazimitsa. Nsomba zikufika folo koloko m'mawa zitachoka m'madzi, pofika teni zatha, zotsala Bina Chimuka ndi ana ake akuziwamba kuseri kwa shopu. Utsi ukufika mpaka pa siteshoni ya minibasi ndipo ukundiitanira anthu kuposa wailesi. Azimayi a ku Shimabala ndawapatsa mashelefu a kutsogolo, aliyense akuyala zake. Sindikudziwa ngati tidzafika Khirisimasi. Mu 1994 sindinkadziwanso.

Maloya a kampani ija analemba kuti chikwangwani chitsike pofika pa 27. Ndinati ndiitane anyamata a pa msika. Lachisanu m'mawa ndikufika, ndinapeza William ali pa makwerero ndi sipanala, atavula jekete. Sanandipatse moni. Ine ndinagwira makwerero kuti asagwe. Mabawuti anali ndi dzimbiri, anavutika nawo ola lathunthu, thukuta lili chuchuchu. Chitatsika tinachiyedzamiritsa pa khoma, tonse awiri n'kumayang'ana dzina la atate ako. Iye analira. Ine ndinalira dzulo lake, ndinali nditamaliza.

Kenako anati, "Amama, shopu iyi idzakugwetsani."

Ndinati, "Ndikagwa ndidzagwera pa malo anga."

Anati, "Nanga dzina mulemba lanji?"

Ndinamuuza kuti sindinaganize. Peggy anaseka n'kunena kuti, "Ba William, kuno ku Nangongwe palibe amene ananenapo kuti ndikupita ku Fanwell & Sons. Onse amati ndikupita kwa amake William." Kenako mlongo wako anafunsa ngati milamba yowamba yatsalako, mkazi wake akufuna ya nshima ya masana. Ndinamukulungira itatu. Chikwangwani anachikweza m'galimoto yake, ati akachisunga kwake.

Sitinagwirizane, usaganize choncho. Iye akuti ndine wouma mutu, ine ndikuti anandinamiza, ndipo zonse ziwiri ndi zoona. Koma Lamlungu anabweretsa ana kudzandiona.

Za ba Oliver a kwaya akunena zoona, njinga inali yawo. Ukonze.

Tsopano pali chimene ndikufuna. Miyendo yayambanso kutupa, chifukwa ndikuimirira kuyambira folo koloko mpaka madzulo. Unditumizire nsapato zija zofewa zimene amavala manesi, sayizi seveni, zakuda. Utumize mapeyala awiri. Imodzi siikwana, ndiimirira nthawi yaitali.

Amako,
Clementina